Akuti Abwera Mwezi Wamawa

3 Malichi

Okondedwa Bambo,

Ndine mwana wanu Namawaya. Ndayamba ndi kudzitchula dzina, lomwe munandipatsa ndili kamwana kotola tizidutswa ta mawaya pansi pa tebulo lanu, poopa kuti kalembedwe kanga mwakaiwala. Muli bwanji kumeneko? Miyendo ija ikutani? Achemwali, alamu ndi achimwene ali bwanji? Ine kuno ndili moyo, kudya ndikudya, kuntchito ndikupita.

Papita chaka ndi miyezi iwiri chiikireni Amayi m'manda, ndipo nthawi yonseyi simunamve za ine. Cholembera ichi ndachigwira kambirimbiri n'kuchisiyanso. Lero ndati zivute zitani ndilemba, ngakhale ndilembe zopanda mutu. Foni simuimva, ndiye pepala ndilo khutu lanu. Munatero nokha tsiku limene adokotala ananena kuti makutu anu atha ntchito.

Ntchito yanga sinasinthe. Ndi m'chinyumba chopanda mawindo, chozizira ngati m'firiji, momwe muli mashelefu achitsulo mizere makumi anayi. Shelefu iliyonse yadzaza makompyuta, ndipo kompyuta iliyonse ili ndi madisiki khumi ndi awiri. Mafani oziziritsa amalira kwambiri moti timavala zotseka m'makutu. Ndiye tsiku lonse ndimakhala m'dziko lanu, Bambo, kungoona milomo ya anthu ikuyenda.

Zimene timasunga ndi za eni ake: zithunzi za maukwati, mapepala a zipatala, makalata a anthu amene sindidzawaona. Makompyuta onsewo amagwira ntchito ngati nkhokwe imodzi. Fayilo ikalowa amaiduladula tizidutswa, ndipo kachidutswa kalikonse amakalemba katatu, m'makompyuta atatu a m'mizere yotalikirana, kuti mzere wina ukapsa kapena magetsi ake akathima, kwinako kukhalebe. Amene anakonza dongosolo limeneli sanayembekeze kuti disiki idzakhala mpaka kalekale. Anayambira poti idzafa basi. Ndipo amafadi, tsiku lililonse asanu kapena asanu ndi awiri.

Ine ndiye wa maliro awo. Ndimayenda ndi kangolo m'mizeremo kufunafuna kanyali kofiira, n'kuzula disiki yakufayo, n'kulowetsa yatsopano. Ndisanafike n'komwe, makina amakhala atakopera kale zonse kwina. Mwini zithunzi sadziwa n'komwe kuti kunagwa zovuta. Kuno amanyadira kuti palibe chimatayika.

Ndiuzeni za kumeneko. Kodi mawailesi akubwerabe? Sipika mukuiyesabe ndi chala, kumva kunjenjemera kwake? Kampando kanga ka miyendo itatu kali pomwe paja, pafupi ndi kabati ya mawaya? Nanga zinthu za Amayi zili kuti, akusunga ndani? Pali masiku ena ndimayatsa chitsulo chowotcherera cha kuntchito popanda choti ndiwotcherere, kungofuna fungo lija la mtovu wosungunuka. Limandifikitsa pakhomo pa shopu yanu, kenaka limatha.

Ndapempha tchuthi cha mu Juni. Tikiti sindinagule. Ndikudikira mawu anu.

Ine mwana wanu,
Namawaya


24 Malichi

Iwe Namawaya,

Moni wako tamulandira. Ife tili bwino, ngati ukufunadi kudziwa. Kalata yako inafikira kubokosi la kusukulu kumene ndimaphunzitsa, ndipo ndinaitsegula ndine. Usandifunse chifukwa. Munthu akadzuka kumanda, woyamba kumuona amayenera atsimikize kuti ndi iyedi.

Popeza foni yanga sumaiyankha, nanenso ndagula sitampa. Ndinakuimbira kangati, iwe? Za tsiku la maliro tinamvetsa, ulendo wako ndi wa masiku atatu ndipo thupi silikanadikira. Palibe anakudandaula. Koma sabata yotsatira? Mwezi wotsatira? Chaka chathunthu, mwana wa mayi anga, osatumiza ngakhale ka "mwadzuka bwanji" kokha? Anthu akandifunsa za iwe ndinkachita kupeka mayankho, mpaka mabodza anandithera.

Wafunsa za zinthu za Amayi. Ndinadziwa kuti nkhani yagona pamenepo, za makina akozo n'zongokometsera. Tinagawana kalekale. Zovala tinapatsa azakhali, makina osokera ali kwa ine, mapoto ali kwa mkazi wa achimwene. Ukanakhalapo ukanasankha. Kampando kako kalipo, tinaikapo ndowa yolandirira madzi denga likamadontha.

Ntchito nazonso tinagawana. Ukudziwa kuti Amayi ndiwo anali makutu a Bambo. Kasitomala akabwera, iwo ankamva dandaulo lake n'kulilemba ndi choko pakhoma lija lopaka utoto wakuda. Pano ndimapitako ine ndikaweruka, Lolemba ndi Lachinayi, kukalemba. Achimwene amabwera ndi lole yawo kumapeto a mwezi kudzawameta ndi kupita nawo kuchipatala. Lamlungu masana, nthawi imene iwe unkaimba foni, alamu ako amakhala nawo n'kumasewera makadi. Amabera onse awiri. Palibe mpata watsala, zonse zikuyenda.

China uchidziwe. Shopu ikutsekedwa. Eni nyumba akuifuna pa 30 Juni, akuti apente n'kuikamo ometa tsitsi. Mawailesi masiku ano amabwera awiri pa sabata, ndipo mwini wa imodzi amangofuna pokhala. Bambo asamukira kwathu, chipinda takonza kale, cha pansi chopanda masitepe.

Kalata yako ndinawapatsa. Anaiwerenga kawiri ali chiimirire, n'kuipinda, n'kuiika m'thumba la malaya. Sananene kanthu. Tanthauzo lake upeze wekha, si ndiwe wophunzira kwambiri pabanja pano?

Za tchuthi chakocho uona wekha. Ine sindiitanira munthu kwawo.

Mkulu wako


14 Epulo

Achemwali,

Zikomo poyankha. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kalata yanu inali ndi minga, koma ndinaiwerenga mpaka kumapeto, kenaka n'kuinunkhiza. Imamveka choko cha m'manja mwanu.

Makina osokera sindikuwafuna, ngakhale poto. Ndinafunsa chifukwa ndikatseka maso ndimayenda m'nyumba ija chipinda ndi chipinda, ndimakhudza nsalu ya patebulo, ndimatsegula kabati ya makapu ija yolira. Ndinkafuna kudziwa ngati ndikuyenda m'nyumba yoti kulibenso. Mwandiyankha.

Mundilole ndinene za makina kamodzi kokha, kenaka ndisiya. Pakati pa makompyuta athu pali ochepa amene sasunga katundu. Ntchito yawo ndi kusunga kaundula wa chimene chili pati, ndiye timangowatcha akaundula. Kompyuta ina iliyonse imayenera kuwauza akaundulawo mawu amodzi pa masekondi atatu alionse: ndilipo. Ndilipo. Ndilipo. Timati kugunda kwa mtima. Ina ikakhala chete, akaundula sakwiya, safunsanso chifukwa. Amadikira mphindi khumi. Zikatha amalemba kuti iyi yafa, n'kugawira zinzake katundu yense amene inali naye, kuti makope akwanenso atatu.

Sabata yatha kompyuta ina ya mumzere wa 17 inakhala chete masiku anayi. Nditapita ndi kangolo kanga ndinapeza kuti sinafe ayi, nthambo yake inangosololoka kumbuyo. Nditaibwezera inadzuka n'kuyamba kufuula kuti ndilipo, ndilipo, itanyamula katundu wake yense monga mmene analili. Koma zinzake zinali zitagawana kale. Zimene inasunga zinali zotsalira, zina zachikale. Lamulo ndi loti zifufutidwe, iyambirenso yopanda kanthu ngati mlendo. Ndinakhala pansi pa simenti yozizira ija n'kumayang'ana tinyali take tikuphethira. Mnzanga wa mzere winawo anabwera n'kundivula chotseka m'khutu, kufunsa ngati ndadwala.

Simunalakwe, achemwali. Munachita zimene banja limayenera kuchita kuti lisagwe. Mphindi zanga khumi zinatha kalekale. Tchuthi ndikabweza Lolemba. Bambo akusamuka, asapeze mlendo wowapinga m'miyendo. Kukhala chete kwawo ndakumva, sikufuna womasulira.

Chimene chinanditseka pakamwa chilipo, koma sichikoma, ndipo dzanja likukana kuchilemba. Ndimakusowani nonse. Ndinkasowa ngakhale kulalata kwanu, ndiye pamenepo mwandithandizako.

Mng'ono wanu,
Namawaya


5 Meyi

Namawaya,

Ngati tchuthi chija unabweza, ukachipemphenso. Dzana ndikuchapa jekete ya alamu ako ndinapeza m'thumba la m'kati envulopu yomata, ya sitampa kale, ya dzina lako. Bambo anawapatsa pa 26 Malichi kuti akaponye. Masabata asanu athunthu ikuyenda nawo kuntchito ndi kumsika! Pano akudyera pakhonde.

Ndiye kukhala chete kumene ndinakuuza kuja kunalibe. Ndinanama mosadziwa. Za mapoto nazonso ndinalemba ndi mkwiyo. Mkwiyowo ukadalipo, usaganize kuti wapulumuka, koma wachepako. Kalata yako ya makompyuta akufa ndinawaonetsa Bambo, ndipo alembanso ina. Ndaika zonse ziwiri muno, ndipo ndikaponya ndekha ndi dzanja langali.

Mkulu wako


26 Malichi

Mwana wanga Namawaya,

Kalembedwe kako sindinakaiwale. Zilembo zako zikadapendekekabe ngati mlongoti wa wailesi wokankhidwa ndi mphepo. Ine ndili bwino. Miyendo ikukana masitepe, koma manja akugwira. Sipika ndikuiyesabe ndi chala, ndipo chalachi sichinandinamizepo.

Za ntchito yako ndamva ndipo ndazikonda. Kuyamba ndi kuvomera kuti chinthu chidzafa, imeneyo ndiye nzeru. Ine zaka zoposa makumi anayi ndakhala ndikuuza makasitomala kuti wailesi yawo siidzavutanso, ndikudziwa kuti ndikunama.

Tsono ndili ndi funso, ndalisunga chaka chonse. Lamlungu lomaliza lija masana, mayi ako analankhula nawe pafoni. Anakhala pa kampando kako, pakhomo pa shopu. Ine ndinali patebulo ndi wailesi ya msilikali wina wopuma ntchito, koma maso anga anali pa iwo. Wotchi ya pakhoma inayenda mphindi makumi anayi ndi zisanu. Anaseka mpaka kugwira pakamwa, uku akundiloza ndi chibwano. Kenaka anasiya kuseka n'kumalankhula pang'onopang'ono, akusisita bondo. Nditafunsa anangogwedeza dzanja, kuti ndidzakuuzani. Lachinayi anatisiya.

Ndafunsa mkulu wako, ndafunsa mlongo wako, palibe akudziwa. Watsala ndi mawu amenewo ndiwe wekha. Ankaseka chiyani mkazi wanga? Ndiuze.

Za Juni, bwera.

Bambo ako


4 Meyi

Namawaya,

Ndamva kuti kalata yanga inakagona m'jekete. Mkamwini ine ndamukhululukira, mkazi wake ndiye sanamukhululukire.

Ndawerenga za kompyuta yako ya mumzere wa 17. Pali pamene sindinamvetse, ndipo undiyankhe ngati mmisiri mnzanga. Isanafufutidwe, palibe amene amayamba wasuzumira m'kati? Bwanji itakhala ndi kachidutswa kamene zinzake zonse zilibe? Ine sindinatayepo wailesi ndisanaitsegule, ngakhale yoti yagwera m'madzi.

Nanga mphindi khumizo anaika ndani? Ndi munthu, si choncho? Kuno mwini wotchi ndine, ndipo kuwerenga sindinayambe.

Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Tuluka.

Bambo ako


21 Meyi

Okondedwa Bambo,

Makalata anu onse awiri afika. Ndinawawerengera m'chipinda chosinthira zovala, chifukwa mapepala saloledwa kumene kuli makina, ndipo ndinachedwa kulowa ndi theka la ola. Ndikhulupirira miyendo ikupepukako, ndiponso kuti alamu abwerera patebulo.

Pa funso lanu la umisiri mwandigwira. Mbali ina ndinaisiya dala. Kompyuta ikabwerera imayamba yapereka mndandanda wa zonse zimene yanyamula, akaundula n'kufananiza ndi zawo. Nthawi zambiri zonse zimakhala zilipo kale kwina. Koma zimachitika kuti makope awiri enawo awonongeka iyo ili chete. Zikatero kachidutswako kamalembedwa kuti kakusowa, ndipo dzina lake silichotsedwa m'kaundula ngakhale papite zaka. Yobwererayo ikapezeka nako, palibe chimafufutidwa kufikira kachidutswako katakoperedwa katatu. Chinthu chokhala pamalo amodzi okha timachiopa kuposa moto.

Ndiye kalatayi ndailemba katatu ndi dzanja, yanu, ya achemwali ndi ya achimwene, ndipo ndikaponya m'mabokosi atatu a m'misewu yosiyana. Ina ikagona m'jekete, ina ifika.

Amayi ankaseka inu. Anandifunsa ngati ndapeza munthu, ine n'kunena kuti amuna akuno sayang'ana mkazi wokankha ngolo. Iwo anati, "Mwana iwe, mwamuna wabwino amakhala ataweramira ntchito, sakuona. Umachita kumudzutsa mutu. Ukuyesa bambo akowo anandipeza okha?" Akuti ali mtsikana ankakuonerani pawindo la shopu ya abwana anu, inu maso ali pa mawaya basi. Ndiye anatenga sizasi n'kudula kawaya m'wailesi ya bambo awo, n'kubwera nayo kwa inu. Mutakonza, patapita sabata anadulanso kena. Katatu konse, mpaka bambo awo anati wailesiyi yalodzedwa. Anati, "Mpaka lero amakhulupirira kuti anali makoswe. Usadzawauze, angayambe kudzimva." Pamenepo ndi pamene ankakulozani ndi chibwano. Andikhululukire Amayi, ndaulula.

Tsono mbali inayo. Atasiya kuseka anati, "Namawaya, bwera. Thupi langali silikundikomera. Bambo ako sindinawauze, awo awakwanira kale mavuto." Tchuthi ndinali nacho m'manja, Bambo, choti chiyambe sabata yomweyo. Koma tinali m'kati mosamutsa mafayilo kuchoka m'makina akale kupita m'atsopano, ntchito ya miyezi isanu ndi umodzi itatsala pang'ono kutha, ndipo ndinkafuna dzina langa lioneke pamapeto pake. Palibe anandikaniza kupita. Ndinasankha ndekha. Ndinati, "Amayi, ndibwera mwezi wamawa." Iwo anati, "Chabwino mwanangu, mwezi wamawa si kutali."

Pa ntchito ija sipanatayike fayilo ndi imodzi yomwe. Anatigulira keke.

Ndicho chinanditseka pakamwa. Foni ya achemwali ikalira ndinkaona ngati mwadziwa ndipo mukufuna kundifunsa, ndiye ndinkaiyang'ana mpaka isiye yokha. Tsiku lililonse limene ndinakhala chete linkalemeretsa la mawa lake. Tsopano mwadziwadi. Katundu amene ndinali naye ndekha ndapereka, ali pamalo atatu. Zotsalazo muweruze ndinu. Tchuthi ndinabweza, koma akuti ndikhoza kuchitenganso nditanena Juni asanathe.

Ine mwana wanu,
Namawaya


8 Juni

Namawaya,

Makope onse atatu afika, langa ndilo linali lomaliza. Mkulu wako anawerenga lake ali pakhomo pa kalasi, akuti ana anamufunsa ngati choko chamulowa m'maso.

Za makoswe. Mwana wanga, khoswe sadula waya mowongoka. Ndinadziwa tsiku loyamba lomwelo. Ukuganiza n'chifukwa chiyani ndinkawatsegulira mayi ako wailesi ija n'kumawaonetsa kuti waya uyu ndi wosavuta, uyu ndi wa moto musamukhudze? Ndinkaopa angadule wolakwika n'kudzipweteka. Tizidutswa titatu ta mawaya amene anadulawo tili m'kabati ya mawaya, m'kabokosi ka machesi. Zaka makumi anayi ndi zitatu, aliyense akubisira mnzake chinthu chimodzi chomwecho. Ndaseka ndekha m'shopu muno mpaka odutsa kusuzumira, kuyesa nkhalamba yapenga.

Za mwezi wamawa. Ukuyesa ndi chinsinsi? Atatsitsa foni tsiku lija, zoseketsazo anakana kundiuza, koma anatenga choko n'kulemba pakhoma, pamwamba pa tebulo langa: "Akuti abwera mwezi wamawa." Analemba akumwetulira, n'kujambula mzere kunsi kwake. Ndi mawu omaliza amene anandilembera. Za thupi lawo sanandiuze, ndipo ine amene ndinkagona nawo chipinda chimodzi sindinaone kanthu. Ngati pali mlandu tigawane, ndipo wako ndi wochepa.

Mawuwo alipobe. Mkulu wako amalemba madandaulo a makasitomala mowazungulira. Tsiku lina anafuna kupukuta, ndinamugwira dzanja. M'mawa uliwonse ndikatsegula shopu ndimawawerenga, ndipo sananamepo, chifukwa mwezi wamawa umakhalapo nthawi zonse. Umo ndi mmene ndakudikirira.

Koma khoma silinyamulika. Wopenta abwera pa 30 m'mawa. Sindikufuna kuti mawu a mkazi wanga afufutidwe ndi mlendo akuimba mluzu. Ine dzanja likukana. Bwera udzapukute wekha.

Bambo ako

Ndawonjezera ine mkulu wako: foni ikalira, yankha.


1 Julayi

Achimwene,

Ndikhulupirira mwabwerako bwino ku ulendo wanu wa lole, ndiponso kuti alamu ndi ana ali bwino. Mwaphonya zinthu. Ndikanakuimbirani, koma mawu anga sakutuluka bwino, ndipo mungandiseke mpaka chaka chamawa.

Namawaya anafika dzulo cha m'ma leveni, ndege itachedwa, basi itachedwa, ife titayamba kutaya mtima. Wopenta anali atamaliza makoma awiri, Bambo ataima patsogolo pa khoma la choko ngati mlonda. Munthuyo ankati akayandikira ndi bulashi yake, iwo n'kumuonetsa khutu kuti sindimva. Mwanayu wawonda, tsitsi wameta, chikwama chimodzi chokha. Ine ndinali nditakonza mawu ambiri oti ndimulandire nawo. Ndinangomulanda chikwamacho.

Bambo sanamukumbatire. Anachotsa ndowa pa kampando kaja, n'kukapukuta ndi mkono wa malaya, n'kumukhazika. Kenaka anaika chala pakhosi pake, monga amachitira ndi sipika, n'kunena kuti, "Lankhula mmene analankhulira mayi ako. Za makoswe zija." Iye analankhula, ndi mawu a Amayi enieni, achimwene, mpaka kakuseka kaja kokoka mpweya. Bambo anatseka maso. Anati, "Bwerezanso." Anabwereza katatu. Wopenta anatuluka yekha popanda womuuza.

Ndinamupatsa kansanza konyowa. Anaima patsogolo pa khomalo nthawi yaitali, kansanzako kakudontha pa nsapato zake. Ndiye anandibwezera, n'kupisa m'thumba la diresi langa, n'kutenga choko osapempha, monga ankachitira kale ndi zinthu zanga zonse. Kunsi kwa mzere wa Amayi analemba kuti, "Ndabwera, Amayi. Pepani ndachedwa."

Bambo anawerenga kawiri. Anatsegula kabati ya mawaya, n'kutenga kabokosi ka machesi, n'kukaika m'thumba la malaya. Kenaka anatuluka kukamuitana wopenta uja. "Tsopano mukhoza kupaka," anatero. "Uthenga wafika."

Ali kuno masabata atatu. Kampando ananyamula yekha mpaka kwathu, anakana kuti kakwere galimoto. Mubwere Loweruka, achimwene. Kuno tonse tilipo.

Mlongo wanu